Khomo la Boti la Vinka

Mlamu wanga Bero ukamupatsa mpando kuti akhale, amayamba wautembenuza kuti aone ngati miyendo yake ili yofanana. Moyo wake wonse wa pantchito anathera m'galaja ya mabasi mumzinda wa Zagreb, ndipo kunena chilungamo, manja ake ndi aluso. Chimene sanaphunzire n'kunena kuti ntchito yatha. Ine ndinkamuseka nazo zimenezi tikakumana pa Khirisimasi, iye n'kumabweza kuti mlamu wake Jerka ali ndi pakamwa ngati macheka. Tinkaseka tonse. Sindinkadziwa kuti khalidwe limenelo lidzadya masiku a mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo ndi Vinka. Tinabadwira pachilumba pano, ana a mmisiri womata maboti a matabwa, ndipo tinakulira m'fungo la phula pabwalo lokonzera maboti limene lero lili m'manja mwa mkulu wina wotchedwa Barba Roko. Ine ndinatsala konkuno, ndimasoka matanga ndi zophimbira maboti. Vinka anapita kumtunda ndi Bero wakeyo. Anabwerera ali ndi imvi, akukoka mwendo wakumanzere. Madokotala anali atamuuza kuti matenda a mitsempha amene anamugwira sachizika: miyendo idzayamba kufa, manja adzatsatira, koma pang'onopang'ono.

Anandiuza tili m'khitchini mwanga, akusenda adyo, nkhope ili gwa. Anati nyumba ya ku Zagreb agulitsa kale. Anati akufuna kugula boti la matanga kuti azikhala momwemo, chilimwe kunoko, nyengo yozizira azitsikira ku Girisi kumene kumafunda.

"Achemwali, ine zokagona m'nyumba ya okalamba, kumayang'ana kudenga mpaka imfa, zimenezo ayi," anatero. "Matendawa akandipeze panyanja. Ndikufuna ndinyamuke ndikadali wotha kukwera makwerero ndekha."

Ndinamuuza kuti wapenga. M'mawa mwake ndinavala nsapato n'kuyamba kuwathandiza kufunafuna botilo.

Maboti owayenera analipo awiri. Lina linali la pulasitiki, lotopa ndi kubwereketsedwa kwa alendo a chilimwe, loipa m'maso, m'kati mukununkha dizilo ndi mowa. Koma linali pamadzi, injini inkalira bwino, ndipo matanga ake ndinasoka ndine. Linalo linali la matabwa a mtengo wa oki, lotakata pamimba, lopangidwa pabwalo pathu pomwepa nthawi ya bambo athu. Mwini wake anali atamwalira ndipo ana ake sankalifuna.

Vinka analoza la pulasitiki, nati limeneli likhoza kunyamuka sabata yamawa. Bero analowa m'maboti onse awiri ndi tepi yake yopimira, natuluka ndi nkhani. Anati la pulasitikilo khomo lake n'lopapatiza, masitepe ake ndi oimirira, ndipo pulasitiki sungaidule n'kuisintha mmene ukufunira. Koma la matabwalo akhoza kulikuzira khomo, kutsitsa masitepe, kuika zogwirira paliponse, kuti tsiku limene Vinka adzafune chikuku asadzavutike. Zimene ankanenazo zinali zanzeru, ndipo kuopsa kwake kunali komweko. Munthu akamanena zopusa umamudula pakamwa, koma akamanena zanzeru chifukwa chokukonda umasowa poyambira. Vinka anasisita mbali ya boti la matabwalo, pamzere pamene mwina bambo athu anakhomerapo thonje kalekale, nati chabwino.

Analitulutsa m'madzi nyengo yozizira ikuyamba, nalikhazika pamitengo yochirikiza kuseri kwa bwalo, pafupi ndi mpanda. Bero anati Pasaka ikamafika adzakhala atamaliza.

Pano ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti boti la matabwa limatuluka m'madzi kukamazizira n'kubwereramo dzuwa la Juni lisanakwiye. Matabwa amamwa madzi n'kutupa, ndipo kutupako n'kumene kumatseka mizere ya pakati pawo. Ukalisiya kumtunda, dzuwa ndi bura, mphepo yathu youma ija yotsika kumapiri, zimaliyamwa mpaka matabwa kulekana. Bero anauzidwa zimenezi, ndi Barba Roko, ndi ine, ndi asodzi omwe. Ankavomera ndi mutu, maso ali pa msomali wina.

Vinka ndi Bero anasamukira m'botimo lili kumtunda komweko. Ndinawapatsa chipinda kwathu koma Vinka anakana, ati nyumba yake tsopano ndi imeneyo, ndipo akayamba kugona pabedi lofewa la achemwali sadzachokaponso. Kulowa kwake kunali kukwera makwerero achitsulo omangiriridwa kumbuyo kwa boti, aatali ngati okwerera padenga la nyumba. Miyezi yoyambayo ankakwera yekha, akupuma pakati, akutukwana mwendo wake mwa mtundu wathu.

Ntchito ya Bero inali yokongola, zimenezo sindingakane. Khomo lolowera m'kati analidula n'kulikuza mpaka anthu awiri akhoza kulowa limodzi, naikapo chitseko chokoka chimene ungatsegule ndi chala. Zingwe zonse za matanga anazikokera kumbuyo, pamalo amodzi, kuti munthu aziyendetsa boti osachoka pa chiwongolero. Anaika sola, thanki yaikulu ya madzi, mbaula ya nkhuni yofunditsa m'kati. Amuna a pabwalo ankabwera kudzaona n'kumapukusa mitu chifukwa cha kusilira.

Koma matenda sankadikira tepi yake. Pamene ankamaliza zogwirira, Vinka anali atayamba kuyenda chowerama ndi ndodo, ndipo zogwirirazo zinapezeka zili m'mwamba kwambiri. Anazizula zonse. Pamene ankamaliza masitepe atsopano, mwendo wachiwiri unali utayamba kukana, ndiye anati masitepe sathandiza, pakufunika thabwa lotsetsereka. Kuti thabwalo lilowe, tebulo linayenera kusuntha. Tebulo litasuntha, bedi linapanikizika. Pasaka inadutsa choncho, maboti a anzathu analowa m'madzi limodzilimodzi, ndipo la Vinka linatsala lokha kumpanda.

Juni atafika ndinamupeza Bero atagona chagada pansi pa boti, pensulo ili kukhutu.

"Alamu, kodi mukumanga boti kapena tchalitchi?"

"Alamu, mukufuna mng'ono wanu akagwe pakati pa nyanja chifukwa ine ndinathamanga? Chatsala n'chimbudzi basi."

Chimbudzicho chinadya chilimwe chonse. Ndinamuuza kuti ndionetsetse anathetsa nkhosa, iye nati za nkhosa ndikauze abusa a kumapiri. Kenako nyengo inatembenuka, nyanja inakwiya, ndipo ananena, molondola ndithu, kuti munthu wanzeru sangayambe ulendo ndi wodwala nthawi ngati imeneyo. Bura wa chaka chimenecho anawomba ngati watumidwa. Ndinkati ndikagona kwathu n'kumamva akulira m'mawaya, mtima unkandipweteka chifukwa ndinkadziwa zimene akuchita ndi matabwa aja.

Chilimwe chachiwiri chikafika, mizere ya boti inali itayasama. Ukakhala m'kati masana unkaona kuwala kwa dzuwa kukulowa m'mbali monse. Vinka ankati mwamuna wake wamuikira mawindo ambiri osapempha, ndipo tsopano amaonera amphaka a Barba Roko akumenyana iye ali gone pabedi. Ankaseka, koma ine kuseka kumeneko kunkandikwiyitsa.

Makwerero anasiyana nawo tsiku lina m'mawa. Phazi linaterereka, natsala lende ndi manja okha, akuitana, mpaka amuna awiri a pabwalo anathamanga kudzamuwakha. Bero anathetsa vutolo tsiku lomwelo, monga mwa nthawi zonse. Anandipempha kuti ndisoke mpando wa nsalu ya thanga, naupachika pa chingwe chodutsa pa mlongoti, kuti azimutsitsa ndi kumukweza. Anamutsitsa kamodzi kokha. Anatsika akuzungulira m'malere ngati thumba la mbatatesi, siketi itakwinyika mpaka m'ntchafu, amuna onse a pabwalo atazyolika, aliyense mwadzidzidzi atapeza chochita pansi. Atabwereranso pamwamba anati chinthu chimenecho asadzachionenso. Kuyambira pamenepo sanapondenso nthaka. Ine ndinkakwera ndi msuzi wa nsomba ndi buledi, n'kutsika ndi chidebe chimene sichiyenera kutchulidwa.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lidija, amagwira ntchito ku Jeremani. Anabwera mu Ogasiti, nakwera makwerero aja, naona mayi ake atagona m'bokosi lotentha ngati uvuni, pakati pa utuchi ndi mawaya. Analira, anakalipira bambo ake bwalo lonse likumva, ndipo asanabwerere anali atapeza malo m'nyumba ya okalamba kumtunda, kupitirira tauni ya Šibenik. Anati mvula yoyamba ikangogwa, galimoto idzabwera kudzawatenga mayi ake, afune asafune. Sindinamude mwanayo. Ndikanakhala iye ndikanachita zomwezo.

Lidija atachoka, Vinka anaitana mwamuna wake ndi dzina lake lonse, ine ndili pomwepo ndikumupesa tsitsi.

"Berislav, ikani macheka pansi. Botili lilowe m'madzi mvula isanagwe, ndipo lilowe ine ndili momwemo."

Bero anatsegula pakamwa kuti anene za shelefu ina. Anayang'ana nkhope ya mkazi wake, natsekanso.

Njira yoyenera yobwezera boti louma chotero m'madzi imadziwika, ndipo Barba Roko anamufotokozera Bero. Umatulutsa katundu yense, umalitengera pamadzi osaya, umalisiya limire mwakufuna kwake. Limakhala momwemo masabata angapo likumwa, matabwa akutupa n'kubwerera m'malo mwake. Ukatero umapopa madzi, n'kumata mizere ndi thonje ndi phula, zinthu zofewa zimene zimalola thabwa kupuma. Koma njira imeneyo inkatanthauza kuti mawaya a Bero, makabati ake, bedi lake lokongola, zonse zimire m'madzi amchere. Choopsa kwambiri, inkatanthauza kuti Vinka atsike. Ndipo tonse tinkadziwa kuti Vinka akangoponda pansi, kumene angalowere ndi m'galimoto ya Lidija.

Bero anapita ku Šibenik nabwera ndi zitini za guluu amene amakonzera maboti a pulasitiki, uja wochita kusakaniza mankhwala awiri, amene akauma amalimba ngati mwala. Anayamba kuthira m'mizere yonse, umodziumodzi, kuyambira kutsogolo. Barba Roko anaima kumbuyo kwake manja ali m'thumba, nanena kamodzi kokha kuti matabwa akadzamwa madzi adzafuna malo awo, ndipo malowo akuwatseka ndi mwala. Bero anayankha kuti guluuyo ndi wolimba kuposa thabwa. Barba Roko analavula pansi n'kubwerera ku ntchito zawo. Iwo satsutsana ndi munthu kawiri pa boti lake lomwe.

Ine ndimatsutsa. Ndinadikira tsiku limene Bero anapitanso kukagula zitini zina, ndinakwera makwerero mtima uli m'mwamba.

"Iwe, ukudziwa zimene mwamuna wako akuchita kunja kwa khoma limeneli?"

"Ndikudziwa, achemwali. Fungo lake likundipweteketsa mutu."

"Matabwa adzatupa, adzasowa kolowera, adzathyola nthiti za boti. Mudzamira nonse awiri ngati ana agalu."

"Nanga ine si mwana wa bambo omwewo?" anatero, osakweza mawu. "Ndani ankawagwirira chitsulo chokhomera thonje inu mukuthamanga ndi anyamata? Ndikudziwa chimene chidzachitike. Koma oki amamwa pang'onopang'ono. Adzandipatsa sabata, mwina kuposerapo. Pano ndili ndi chiyani choposa pamenepo?"

Iye anandigwira mkono ndi dzanja limene linali litayamba kale kunjenjemera, nandichonderera kuti ndisamuuze Bero kuti Barba Roko akunena zoona. Anati mwamunayo akangokhulupirira, agoba guluu yense n'kuyambiranso, mwaluso, mosamala, ndipo mvula idzamupeza iye adakali pamitengo.

Ndinavomera, koma ndinaika zanga. Ndinati ndipita nawo. Kaboti ka malemu amuna anga, kaja ka injini, timangirire kumbuyo. Sitipitirira zilumba za Kornati, ndipo tizigona m'magombe osaya okhaokha, momwe munthu ukhoza kuona mchenga pansi. Kwa Bero tinati ndi ulendo woyesera boti tisanalunjike ku Girisi, ndipo anayamikira kuti mlamu wake wayamba kuganiza ngati makaniko.

Atamaliza kumata anapaka penti yoyera. Botilo linasalala ngati dzira, moti alendo ankaima kumpanda kulijambula. Tsiku lolilowetsa m'madzi abambo mfumu anabwera, nawaza madzi odalitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Lamulo la pabwalo sililola munthu kukhala m'boti makina akamalinyamula. Barba Roko anayang'ana kunyanja, nati iwo maso anafooka, sakuona munthu aliyense m'menemo, nakweza dzanja kuti linyamulidwe. Vinka anali pampando wake pa chiwongolero, atavala mpango wofiira, akuyang'ana kutsogolo ngati mfumukazi.

Boti litakhudza madzi Bero anathamangira m'kati, natukula matabwa a pansi. Munali gwa, popanda ngakhale dontho.

"Alamu, tabwerani mudzaone tchalitchi chija!"

Ndinapita, ndinaona, ndinamuuza kuti wagwira ntchito. Boti la matabwa loyenera likamalowa m'madzi limadontha ngati dengu tsiku loyamba. Kuuma kumene ankandionetsako kunkatanthauza kuti matabwa alibe kotupira.

Masiku otsatirawo ndiwanene mmene analili: anali abwino. Mphepo ya masana inkabwera yofatsa, matanga anga anadzaza, ndipo chilichonse chimene Bero anapanga chinagwira ntchito yake. Vinka ankayendetsa yekha, chingwe chili m'dzanja lina, chiwongolero m'dzanja lina, akutilamula ngati antchito ake. Nkhope yake inapsa ndi dzuwa n'kuyamba kuoneka ngati ya munthu wamoyo. Tinkaotcha nsomba zimene Bero ankawedza, tikudyera mbatatesi ndi masamba othira mafuta a azitona, iye n'kumapempha kuti timuonjezere. Kwa zaka ziwiri ndinali ndisanamumve akupempha chakudya.

Tsiku lina tili m'kagombe kopanda anthu, anapempha mpando wa nsalu uja anaukana. Bero anamutsitsira m'nyanja pang'onopang'ono, ine ndili m'madzi ndikudikira. Madzi atamufika m'chifuwa anatuluka mumpandomo, nagwira phewa langa ndi dzanja limodzi. Miyendo ija inayandama yokha, yopepuka, ikugwedezeka ndi mafunde.

"Achemwali, ndasiya kulemera," anatero.

Anaseka mpaka kutsamwa ndi madzi amchere. Ine ndinalira, koma m'madzi palibe amaona. Madzulo ake Bero anayala mapu pa tebulo n'kumatisonyeza njira ya ku Girisi, doko ndi doko, kumene tidzagule dizilo, kumene kuli chipatala chapafupi. Vinka ankamufunsa mafunso mwachidwi, ngati kamzinda kamene tikafikeko kali ndi msika wa nsomba, ngati Agiriki amadziwa kuphika nyemba. Sanandiyang'ane n'kamodzi komwe.

Boti linayamba kuyankhula mwapansipansi. Poyamba kunali timaphokoso ting'onoting'ono, the, the, ngati nkhuni zikamayamba kugwira moto. Kenako zitseko za makabati zinayamba kukana kutseka. Bero anati n'chinyezi chabe, natulutsa chopalira matabwa, nazipala mosangalala chifukwa anapeza chochita. Ine kaboti kaja ndinakakokera pafupi n'kuthiramo mafuta, ndipo nangula ndinkaonetsetsa kuti wagwera pamchenga, pafupi ndi gombe.

Zinachitika m'mawa tikumwa khofi, nyanja ili bata. Pansi pa mapazi athu panamveka phaa, ngati mfuti ya mlenje. Makapu analumpha pa tebulo. Tisanayankhule panamvekanso kachiwiri, cha kutsogolo. Vinka anaika kapu yake pansi bwinobwino, nandiyang'ana kwa nthawi yoyamba. Bero anatukula matabwa a pansi, ndipo tinaona nthiti ya boti itathyoka pakati, thabwa la m'mbali litatukuka, madzi akulowa ngati atsegulira mpopi. Anaima osasuntha, m'manja atagwira kachidutswa koyera ka guluu kamene kanathothoka.

Ndinamukankha. Ndinamuuza kuti zolira azichita kumtunda, panopa ayatse injini. Tinadula chingwe cha nangula n'kulunjika pamchenga, pampu ikulira pachabe, nthiti zina zikuthyoka kumbuyo kwathu. Boti linakhudza pansi, linatsetsereka pang'ono, n'kugonera mbali imodzi. Vinka tinali titamugoneka m'kati pabedi kuti asagwe, ndipo madzi anakwera mpaka kunyowetsa matiresi. Tinayesa kumunyamula kuti timuike m'kaboti kaja, koma pansi panali popendekeka ndi poterera, ndipo ife awiri ndife okalamba. Tinaitana opulumutsa anthu panyanja pa wailesi, n'kukhala naye m'madzi ozizirawo, Bero atamutukula mutu ndi mikono yake.

Opulumutsawo anafika ndi machira. Wamkulu wawo asanalowe anatichenjeza kuti m'maboti a matanga wodwala amavuta kumutulutsa, amachita kumumanga ndi malamba n'kumuimiritsa pakhomo, ndipo zimapweteka. Atasuzumira anaona khomo la Bero. Anakankha chitseko ndi chala, chinatseguka chonse ngakhale boti linali litapindika. Machira analowa chogona, anamugoneka Vinka, nakwera naye pa thabwa lotsetsereka lija anthu awiri mbali iyi ndi iyi, osapendeketsa, osakhudza paliponse. Mmodzi anafunsa kuti mmisiri wa khomo limeneli ndani, chifukwa sanaonepo lotere.

Vinka anali akunjenjemera, milomo itachita mdima ndi kuzizira. Anatembenuza mutu kufunafuna mwamuna wake, amene anali ataima m'madzi ofika m'chiuno.

"Bero, khomo lija munakonza bwino. Taonani, sanandigunditse paliponse."

Ankanena ndi mtima wonse, ndikudziwa. Koma Bero anakhala pansi m'madzi momwemo, naphimba nkhope ndi manja, ndipo anachita kumudzutsa.

Kuzizira kuja kunalowa m'chifuwa. Anagona m'chipatala kwa nthawi, ndipo potuluka manja anali atatheratu mphamvu, mawu akutuluka movutikira. Lidija sanafunikirenso kukakamiza munthu. Mvula yoyamba inagwa Vinka ali kale m'nyumba ya okalamba ija, m'chipinda chimene windo lake limayang'ana poimika magalimoto ndi phiri la miyala. Botilo analikokera kubwalo. Barba Roko analowa pansi pake ndi nyali, natuluka, ndipo patapita masabata angapo analidula ndi macheka a injini. Sola ndi mbaula zinapeza ogula. Chitseko palibe anachifuna, chifukwa palibe boti lina la khomo lalikulu chotero.

Bero amagona kwathu tsopano, m'chipinda chimene anakana poyamba chija. Amati anapha boti ndi guluu, ndipo amabwereza zimenezi pa chakudya chilichonse. Za guluu ine sindiyankha, chifukwa Vinka sanandimasule pa lonjezo lija. Koma tsiku lina ndinatopa nazo, ndinamuuza m'maso muli gwa kuti guluu ndiye anapatsa mkazi wake nyanja, ndipo chimene chinamulanda zilimwe ziwiri, miyendo idakali yake, ndi tepi ili m'thumba mwakeyo. Ndinanena mwaukali chifukwa ndimamukwiyirabe, ndipo ndikuganiza kuti ndidzafa ndikumukwiyira. Anadzuka pa tebulo osamaliza kudya. M'mawa ndinapeza atandikonzera mpopi wa kukhitchini umene unkadontha.

Lamlungu timakwera basi limodzi kukamuona. Sabata yathayi tinamupeza ali chagada, maso ali kudenga, pamene pali mng'alu wautali wochokera pa babu mpaka pakona. Ndinamumwetsa msuzi ndi supuni, ndikumuuza za pachilumba, amene wamwalira ndi amene wakwatiwa. Nditatembenuka ndinaona Bero atagwada pakhomo la chipindacho, tepi itatambasulidwa. Anati khomolo n'lopapatiza, chikuku chimakhula m'mbali, taonani penti yachoka apa ndi apa. Anati akuluakulu a nyumbayo akamulola, akhoza kuchotsa felemu n'kulikuza, ntchito ya masiku ochepa chabe, ndipo Vinka azituluka kukaothera dzuwa mosavuta.

Vinka anayesa kuyankhula, mawu anakana. Tinadikira. Anameza malovu, nayesanso.

"Bero, bwezerani tepi m'thumba. Khomo limenelo ndidzatulukirapo kamodzi kokha, ndipo akadzandigunditsa sindidzamva. Bwerani mukhale apa."

Tepi inabwerera yokha m'chigoba chake. Bero anakoka mpando wa alendo n'kuusendeza pafupi ndi bedi. Mpandowo unali waufupi mwendo umodzi, ndipo unagwedera pamene ankakhalapo. Anakhalabe choncho, atagwira dzanja la mkazi wake, mpaka namwino anabwera kudzatiuza kuti basi yathu yatsala pang'ono kunyamuka.